Osewera atsopano ndi mpikisano wawo woyamba wa makhadi a Pokémon: tiwakonzekeretse bwanji?

Woyendetsa mpikisano: Moni nonse. Patsala masabata atatu kuti mpikisano wa Pokémon uchitike, ndipo ambiri mwa omwe alembetsa ndi oti sanakhalepo patebulo pomwe pali jaji ndi wotchi. Pakhonde amasewera bwino ndithu, koma mpikisano uli ndi zake. Inu amene mumaphunzitsa ana ndi achinyamata ku Area 25, Kawale, Likuni, Biwi ndi madera ena, tiyeni tigwirizane zoti tiwaphunzitse m'masabata atatuwa. Tisewera Standard, kutanthauza makhadi a zaka zaposachedwa okha, motsatira malamulo a Play! Pokémon, omwe ndi malamulo ovomerezeka a mipikisano ya Pokémon. Ndime za Swiss, zomwe aliyense amasewera popanda wotuluka, zikhala za gemu imodzi, mphindi 30. Ndime zomaliza, wopambana magemu awiri mwa atatu ndiye wapitirira. Makhadi akhale a Chingerezi okhaokha.

Jaji wa gulu: Zikomo akulu. Ndiyambe ndi chomwe chimagwetsa atsopano ambiri. Si kuchepa mphamvu kwa makhadi awo ayi. Amagwa ndi ndondomeko ya patebulo komanso wotchi: deki (mulu wa makhadi omwe munthu akusewera nawo) ili ndi makhadi 59 kapena 61, deck list (pepala lolembapo makhadi onse a m'deki) ikusiyana ndi deki, watola khadi kawiri, wasewera Supporter (khadi lothandizira lololedwa kamodzi kokha pa turn) wachiwiri m'turn imodzi, waiwala kuyala ma Prize (makhadi 6 omwe umatengako ukagwetsa Pokémon wa mnzako), kapena nthawi yatha gemu ili pakati. Zonsezi zimaphunzitsika m'masabata atatu. Luso lowerenga maganizo a mnzako limatenga miyezi, ndiye nthawi yochepa yomwe tili nayoyi tiithere pa zomwe zingakonzeke msanga.

Malamulo a deki aliyense awadziwe pamtima. Makhadi 60 ndendende. Khadi la dzina limodzi lisapose 4, kupatula Basic Energy, makhadi wamba opatsa Pokémon mphamvu yomenyera. Pokémon wa Basic, yemwe amaikidwa patebulo mwachindunji, akhalemo ngakhale mmodzi. ACE SPEC (makhadi apadera amphamvu kwambiri) imodzi yokha m'deki yonse, osati imodzi ya mtundu uliwonse. Ndipo dzina ndi dzina: Boss's Orders ya chithunzi ichi ndi Boss's Orders ya chithunzi china zonse zimawerengedwa pamodzi, chimodzimodzinso Professor's Research.

Aphunzitsi a ku Likuni: A jaji, fotokozaninso za chilembo chija cha pansi pa khadi. Ana ambiri kuno ali ndi makhadi omwe anapatsidwa ndi achibale zaka zapitazo, ndipo akuganiza kuti lililonse likhoza kulowa.

Jaji wa gulu: Yang'anani pansi pa khadi, mbali ya kumanzere. Pali kabokosi kakang'ono koyera komwe muli chilembo chimodzi. Chilembo chimenecho ndicho chimanena ngati khadi likuloledwa mu Standard. Chaka ndi chaka chilembo chakale kwambiri chimachotsedwa, monga momwe F anachotsedwera mu April 2025. Zilembo zololedwa pa tsiku la mpikisano tizilemba pano ndipo tizimatanso pakhomo la holo. Khadi lakale likhoza kulowa pokhapokha ngati khadi la dzina lomwelo linasindikizidwanso ndi chilembo chololedwa ndipo mawu ake sanasinthe ntchito yake. Kukayika kukakhalapo, jambulani khadilo mutumize pano lisanafike tsikulo. Basic Energy alibe vuto, akale ndi atsopano onse amalowa.

Samalaninso ndi madeki a World Championships omwe amagulitsidwa m'timabokosi. Kumbuyo kwa makhadi ake n'kosiyana ndi kwa makhadi wamba, ndipo saloledwa pa mpikisano. Makhadi a Chijapani nawonso kumbuyo kwake n'kwina.

Wa ku Area 25: Nkhani yomwe tikuyizemba ndi ya makhadi achinyengo. Mapaketi otchipa omwe amapezeka m'misika ndi m'mashopu a zidole ambiri ndi feki, ndipo mwana sadziwa. Kholo lagula ndi mtima wabwino, mwana wamanga deki yake yonse, kenako pa tsikulo jaji akuti sizilowa. Ameneyo sitidzamuonanso.

Njira zowadziwira ndi izi. Ikani khadi lokayikitsa pambali pa lenileni ndipo muyerekeze kumbuyo: la feki mtundu wake wa buluu umakhala wofwifwa kapena wopita ku pepo. Walitsani tochi ya foni kumbuyo kwake: lenileni limatchinga kuwala kwambiri chifukwa pakati pake pali kamzere kakuda kopyapyala, komwe mungakaone m'mphepete mukayang'anitsitsa, pomwe la feki kuwala kumadutsa mosavuta. Werengani mawu: zilembo zosokonekera, kachizindikiro ka pamwamba pa é mu Pokémon kusowa, HP yokwera mopanda nzeru. Paketi yomwe makhadi ake onse ndi onyezimira ndi yokayikitsa kale. Osang'amba khadi la mwana pofuna kuonetsa kamzereko, tochi ndi yokwanira.

Maganizo anga ndi akuti pa mpikisano woyambawu tilole ma proxy (mapepala oimira makhadi enieni) ochepa, mwina 10 pa deki. Makhadi enieni kuno amavuta, ambiri timadalira amene akuchokera ku Johannesburg kapena kuitanitsa pa intaneti, ndipo masabata atatu sangakwane.

Jaji wa gulu: Achimwene, za feki mwanena zoona zokhazokha, koma za proxy sindikugwirizana nazo. Tikalola 10, wina abwera ndi 15, ndipo jaji athera tsiku lonse akuwerenga mapepala m'malo moyang'anira masewero. Chachiwiri, pepala lolowetsedwa mu sleeve (kathumba kapulasitiki kovekera khadi) limanenepetsa khadi, ndiye limamveka m'manja posakaniza. Limenelo ndi khadi lodziwika kale lisanatembenuzidwe. Pokonzekera gwiritsani ntchito ma proxy momwe mungathere, ndi njira yabwino yoyesera deki musanawononge ndalama. Pa tsikulo ayi.

Mayi wa ku Area 18: Nanga bwanji tibwerekane? Osewera akale muli ndi Ultra Ball, Rare Candy, Switch ndi Boss's Orders zongokhala m'mabokosi. Makhadi amenewa si odula, koma ndiwo amayendetsa deki. Aliyense alembe pano zomwe angabwereketse, wobwereka alembedwe m'kope ndi dzina la khadi ndi chiwerengero, abweze tsiku lomwelo mpikisano ukatha.

Woyendetsa mpikisano: Mayi, mwatithandiza. Tichita choncho. Proxy pokonzekera pokha, ndipo Loweruka likubwerali aliyense watsopano abwere ndi deki yake kuti a jaji ayione, feki zipezeke kudakali nthawi yosintha.

Mlongo wa ku Biwi: Pa kusankha deki, ndikupempha aphunzitsi nonse: deki imodzi basi, ndipo isasinthidwe sabata yomaliza. Watsopano akaona pa YouTube deki yomwe yapambana mpikisano waukulu amafuna kusintha usiku womaliza, n'kupita ndi makhadi omwe sanawawerengepo. Deki yapakatikati yomwe waisewera magemu 30 imaposa deki yamphamvu yomwe waigwira dzulo. Msankhireni deki yoyenda molunjika, ya Pokémon mmodzi kapena awiri omenya, yosafuna kuwerengera zambiri pa turn iliyonse. League Battle Deck ndi poyambira pabwino chifukwa imabwera ndi makhadi 60 okonzeka, bola muone zilembo zija kaye, popeza ina inatuluka kale ndipo makhadi ake ena anachotsedwa.

Pali masamu ochepa omwe amathandiza mwana kumvetsa chifukwa chomwe timaikira makhadi anayi ofanana. Khadi lomwe muli nalo 4 m'deki ya 60, mwayi woti limodzi lipezeke m'makhadi 7 oyamba ndi pafupifupi 40 pa 100. Za mulligan, komwe ndi kubweza dzanja loyamba m'deki n'kutolanso makhadi 7 chifukwa mulibe Basic: deki ya ma Basic 8 imayamba popanda Basic pafupifupi 35 pa 100, ya ma Basic 10 pafupifupi 26 pa 100, ya 12 pafupifupi 19 pa 100. Mulligan iliyonse imapatsa mnzako ufulu wotola khadi limodzi lowonjezera, komanso imamuonetsa zomwe zili m'deki yako, chifukwa dzanja lopanda Basic umayenera kulionetsa usanalibwezere. Ndiye amene akufuna kuchotsa ma Basic kuti aikemo makhadi okongola aone kaye manambala amenewa.

Wa Magic wa ku Area 47: Ndiwonjezere kwa amene akuchokera ku Magic, masewera ena a makhadi, chifukwa alipo angapo omwe alembetsa. Ku Magic deki imayambira pa 60 kupita m'mwamba ndipo pali sideboard, makhadi apambali osinthira pakati pa magemu, osaposa 15. Ku Pokémon kulibe sideboard, 60 omwe walemba ndi omwewo tsiku lonse. Ku Magic ukhoza kusankha mulligan dzanja likakhala loipa. Ku Pokémon ulibe chisankho: Basic alipo, usewera nalo dzanjalo ngakhale likhale loipa bwanji. Komanso woyamba kusewera ku Pokémon amatola khadi pa turn yoyamba, koma saloledwa kumenya kapena kusewera Supporter. Manja ozolowera Magic amalakwitsa pamenepa.

Wa Yu-Gi-Oh! wa ku Kawale: Kwa a Yu-Gi-Oh!, omwenso ndi masewera a makhadi, vuto loyamba ndi ma sleeve. Makhadi athu ndi a 59 mm ndi 86 mm, pomwe a Pokémon ndi Magic ndi a 63 mm ndi 88 mm. Sleeve ya Yu-Gi-Oh! khadi la Pokémon sililowa, ukakakamiza limapindika ngodya. Pogula funsani standard size. Chinanso, ife tinazolowera kuyankha pa turn ya mnzathu. Ku Pokémon turn ya mnzako umangoonerera, manja pansi, kupatula ngati khadi lakuuza kuti uchitepo kanthu.

Jaji wa gulu: Poti ma sleeve atchulidwa, ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe anthu osalakwa amalandira chilango. Ma sleeve onse 60 akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi, kumbuyo kosaonekera mkati. Kumbuyo konyezimira ngati galasi ayi. Mukagula paketi ya 100, otsalawo muwanyamule, kuti ina ikang'ambika musinthe ndi yofanana nayo. Yochokera m'paketi ina, ngakhale mtundu ukhale womwewo, nthawi zambiri imasiyana pang'ono kutalika kapena kuwala.

Chomwe jaji amafufuza ndi dongosolo la zizindikiro. Sleeve imodzi yokandika mwangozi, tikuuzani musinthe basi. Koma zikapezeka kuti ma sleeve okandika onse ndi a Energy, kapena onse anayi a Rare Candy, nkhani imakula, chifukwa munthu akhoza kudziwa khadi lapamwamba asanalitole. Njira yopewera ndi yosavuta: sakanizani makhadi kaye musanawaveke ma sleeve atsopano. Mukawaveka ali m'dongosolo la deck list, kachilema kalikonse ka kufakitale kamagwera pa makhadi a mtundu umodzi.

Makhadi onyezimira amapindika nyengo ikasintha, makamaka mvula ikayamba mu November chinyezi chikachuluka. Khadi lopindika limaonekera m'deki ngakhale lili mu sleeve. Ngati muli ndi losanyezimira la dzina lomwelo, sewerani limenelo. Apo ayi, sungani deki m'kabokosi kothina bwino, muikemo kapaketi ka silica kaja kamapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Aphunzitsi a ku Likuni: Kusakaniza nako ana ambiri sakudziwa. Amayala timilu 6 ta makhadi 10, n'kusonkhanitsa, n'kunena kuti atha.

Wa Magic wa ku Area 47: Kuyala timilu ndi kuwerenga, aphunzitsi, ndipo ntchito yake ndi yomweyo: kutsimikiza kuti makhadi alipo 60. Achite kamodzi gemu isanayambe. Kusakaniza kwenikweni ndi kugawa deki pawiri n'kulowetsa theka lina m'mbali mwa linzake, makhadi atayang'ana pansi, maso ali kwina. Akatswiri a masamu Bayer ndi Diaconis anasonyeza mu 1992 kuti makhadi 52 amafuna kusakanizidwa motere pafupifupi ka 7 kuti asokonezeke mokwanira, ndiye pa 60 musachepetse pamenepo. Ana a manja aang'ono agawe deki patatu n'kumasakaniza zigawo ziwiriziwiri mosinthanasinthana. Akatha apereke deki kwa mnzawo kuti adule kapena asakanizenso. Zimenezi zichitike nthawi iliyonse deki ikafufuzidwa, osati poyamba pokha.

Ndipo aletseni chizolowezi choika Energy mmodzi pakati pa makhadi atatu aliwonse "kuti asaunjikane". Ukasakaniza mokwanira pambuyo pake, wangotaya nthawi. Ukapanda kusakaniza mokwanira, wakonza deki, ndipo kumeneko ndi kubera.

Jaji wa gulu: Ndondomeko yoyambira gemu ayibwereze mpaka ilowe m'manja. Moni. Kuponya ndalama kapena dayisi, wopambana asankhe kuyamba kapena kutsatira, ndipo izi zichitike asanaone makhadi. Kusakaniza, kudulitsa. Kutola 7. Basic mmodzi pa Active (malo a womenya) atayang'ana pansi, ena pa benchi (malo a odikira) ngati akufuna, osaposa 5. Ma Prize 6 kuchokera pamwamba pa deki, osawayang'ana. Kutola makhadi a mulligan ngati mnzake anali nayo. Kenako kutembenuza. Zonsezi zisapose mphindi ziwiri. Dayisi yoponyera ikhale yoonekera mkati, nambala yogawika pawiri ndi heads, inayo ndi tails, ndipo isiyane ndi madayisi owerengera damage.

M'kati mwa turn, zinayi izi ndi kamodzi kokha: kuika Energy kuchokera m'manja, Supporter, Stadium, ndi retreat. Aphunzitseni kuika Supporter chopingasa pamwamba pa discard (mulu wa makhadi otayidwa) mpaka turn ithe, kuti onse awiri aziona kuti wasewera kale. Ability ya kamodzi pa turn ikagwiritsidwa ntchito, aikepo kachizindikiro, kaya ndi kabatani. Asatembenuze khadi la Active ngati chikumbutso, chifukwa kutembenuzako kuli ndi tanthauzo lake: kumanzere ndi Asleep, kumanja ndi Paralyzed, mutu pansi ndi Confused. Pakati pa ma turn, Poisoned ndi damage 10, Burned ndi 20 kenako kuponya ndalama.

Chachikulu pa zonse ndi kulankhula. "Ndikutola." "Ultra Ball, ndikutaya awa awiri." "Ndikumenya, damage 180, ndi Weakness 360." Mikangano yambiri yomwe jaji amaitanidwira imayamba chifukwa wina anachita chinthu mwakachetechete.

Mayi wa ku Area 18: Ana athu tinawalera kuti wamkulu sayankhidwa. Mtsikana wa zaka 11 akakhala moyang'anana ndi bambo wa ndevu, bamboyo n'kulakwitsa damage, mwanayo angokhala chete. Ndiye izi tizichite dala pokonzekera: wamkulu alakwitse mwadala, mwana akweze dzanja n'kuitana kuti "Jaji!" mokweza, osasuntha khadi lililonse. Abwereze mpaka manyazi athe. Tiwauze momveka kuti kuitana jaji si mwano ndipo si kuneneza munthu.

Jaji wa gulu: Mayi, mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa zonse zomwe ndalemba m'mwambamu. Ndiwonjezere kuti aitane jaji ngakhale wolakwitsa ali iwo eni. Watola makhadi awiri m'malo mwa limodzi, asabwezere yekha m'deki. Aime, aitane. Zambiri zimathera pa Caution kapena Warning zikanenedwa msanga. Zikakula, mnzake amachotseredwa ma Prize awiri pa omwe amayenera kutenga, ndipo zikafika posakonzeka, monga kusakaniza dzanja lonse m'deki popanda khadi lolamula zimenezo, ndi Game Loss. Kubisa ndiye kumachotsetsa munthu mu mpikisano. Wosakhutira ndi chigamulo ali ndi ufulu wopempha jaji wamkulu, mwaulemu, nthawi yomweyo.

Adziwenso zomwe ali ndi ufulu wofunsa: makhadi angati ali m'manja mwa mnzake, angati atsala m'deki, ma Prize angati, kuona discard ya mnzake atapempha, ndi kuwerenga khadi lililonse lomwe lili patebulo. Khadi lomwe sakulidziwa aliwerenge, asadalire zomwe mnzake wanena.

Mlongo wa ku Biwi: Tibwere ku wotchi. Mphindi 30 zimaoneka zambiri, koma atsopano awiri akakumana nthawi imathera m'kufufuza deki. Kuyambira lero gemu iliyonse yokonzekera ikhale ndi wotchi ya pafoni pambali. Chochita chimodzi, monga kufufuza ndi Ultra Ball, chizitenga pafupifupi masekondi 15, kusakaniza pambuyo pake chimodzimodzi. Ngati afufuza kawiri motsatizana, mwachitsanzo Buddy-Buddy Poffin kenako Ultra Ball, anene kuti "ndibwereranso m'deki" kuti asakanize kamodzi kokha pamapeto.

Kufufuza koyamba ndiko kofunika, chifukwa ndi pomwe amadziwira zomwe zagwera mu ma Prize. Khadi lomwe lilipo limodzi lokha m'deki limagwera mu ma Prize kamodzi pa magemu 10 aliwonse. Watsopano sangawerenge makhadi onse, ndiye mpatseni mayina 5 kapena 6 ofunikitsitsa: Pokémon womenya, ACE SPEC, Boss's Orders, Night Stretcher, Energy. Aziwerenga amenewo okha, mwa dongosolo lomwelo nthawi zonse. Kulemba papepala n'kololedwa, bola pepalalo liyambe lopanda kanthu.

Nthawi ikatha, yemwe akusewera amalize turn yake, kenako pali ma turn atatu owonjezera. Popanda wopambana, mu Swiss mwalepherana. Kupambana ndi mapointi 3, kulepherana 1, kugonja 0. Awiri akalepherana amagawana mapointi 2 pomwe pakanatuluka 3, ndiye kuchedwa kumapweteka onse. Mnzake akamachedwa, amupemphe kamodzi mwaulemu kuti afulumire, zikapitirira aitane jaji nthawi ikadalipo, osati itatsala mphindi imodzi.

Wa ku Area 25: Pa kaseweredwe, zinthu zitatu zokha ndi zomwe ndingaphunzitse m'masabata atatu, zina zidikire.

Choyamba, dongosolo la zochita m'turn. Chomwe sichibwezeka chichitike pomaliza. Fufuza kaye m'deki n'kuchotsamo zomwe ukufuna, kenako tola makhadi, chifukwa deki ikachepa mwayi wopeza chomwe ukusowa umakwera. Energy uike utaona makhadi onse a turn imeneyo, kupatula ngati ukusewera Professor's Research, yomwe imataya dzanja lonse n'kutola 7: pamenepo sewera zonse zofunika kaye. Kumenya kumatseka turn, ndiye asanatchule attack ayang'ane m'manja ndi pa benchi komaliza.

Chachiwiri, kuwerengera ma Prize, monga momwe wa bawo amawerengera nkhomo asanatape. Pokémon wamba akagwa ndi Prize 1, Pokémon ex ndi 2, Mega Evolution Pokémon ex ndi 3. Ukangoika ma ex okhaokha, mnzako amaliza ndi kugwetsa katatu: 2, 2, 2. Ukalowetsapo wa Prize imodzi pakati, zikhala 2, 2, 1 ndipo afunikanso kugwetsa kachinayi. Turn imodzi yowonjezerayo nthawi zambiri ndiyo imagamula gemu. N'chifukwa chake ex wosafunika asaikidwe pa benchi, Boss's Orders imukokera kutsogolo n'kumugwetsa.

Chachitatu, kuwerenga deki yake. Ukayamba turn deki ilibe khadi loti utole, wagonja ngakhale utsale ndi Prize imodzi. Deki ikatsika pa makhadi 10, awerenge asanasewere khadi lililonse lotola. Komanso asakhale ndi Pokémon mmodzi yekha patebulo ngati angathe kuika wina, chifukwa ameneyo akagwa gemu yatha pomwepo.

Aphunzitsi a ku Likuni: Nanga kuyamba kapena kutsatira, tiwauze chiyani? Ena akuti nthawi zonse yamba.

Mlongo wa ku Biwi: Zimatengera deki, aphunzitsi. Deki ya Stage 2 (Pokémon wosinthika kawiri kuchokera pa Basic) yodalira Rare Candy, khadi lodumphitsa kusintha kwapakati, nthawi zambiri imafuna kuyamba, chifukwa Pokémon sasinthika pa turn yoyamba kapena pa turn yomwe waikidwa, ndiye woyamba ndiye amafika msanga pa kusintha. Deki ya ma Basic omwe angamenye nthawi yomweyo ikhoza kukonda kutsatira, kuti isewere Supporter n'kumenya pa turn yake yoyamba. Mphunzitsi asankhe yankho limodzi la deki ya mwanayo, mwana aziyankha lomwelo tsiku lonse osaganizaganiza.

Wa Yu-Gi-Oh! wa ku Kawale: Pokémon TCG Live ndi yaulere ndipo imathandiza kudziwa makhadi a madeki ena, koma musadalire yokhayo. Pafoni makina amakusakanizira, amakuwerengera damage, amakukaniza Supporter wachiwiri. Patebulo zonsezo ndi ntchito ya manja ndi mutu wako. Bandulo ikakhalapo aseweremo madzulo, koma magemu a patebulo achuluke.

Mayi wa ku Area 18: Makolo tisawaiwale. Ambiri akangomva kuti makhadi amaganiza za njuga, ndipo mwana akhoza kuletsedwa m'mawa wa tsikulo. A woyendetsa, lembani kakalata kachidule ka Chichewa: malo, nthawi yoyamba ndi yotha, kuti palibe kubetcha kwa mtundu uliwonse, kuti mphoto zimapita kwa amene achita bwino, ndi kuti kholo lili ndi ufulu wobwera kudzaonerera. Kholo likaona mwana akuwerenga Chingerezi cha pakhadi n'kumachulukitsa manambala pamtima, maganizo amasintha. Koma oonerera onse auzidwe kuti salankhula kapena kukodola gemu ili mkati. Akaona cholakwika akauze jaji.

Jaji wa gulu: Ndipo lamulo la kubetcha ligwire aliyense. Kubetcherana makhadi pa gemu, kupatsa mnzako khadi kapena ndalama kuti akugonjere, kapena kuponya ndalama kuti mupeze wopambana nthawi ikatha, zonsezi ndi zochotsetsa mu mpikisano. Kugwirizana kulepherana popanda kupatsana kanthu n'kololedwa, koma kwa atsopano ndingakonde asewere gemu iliyonse, anabwerera zimenezo.

Woyendetsa mpikisano: Kakalata kakonzedwa mawa. Za Swiss muwafotokozere kuti palibe wotuluka akagonja. Tikakhala 16, ndime ndi 4. Tikaposa pamenepo mpaka 32, ndime ndi 5. Ndime iliyonse umakumana ndi wa mapointi ofanana ndi ako, ndiye wogonja kawiri amapeza mnzake wa msinkhu wake pa ndime yachitatu. Tikakhala osakwana awiriawiri, mmodzi amapuma ndipo zimawerengedwa ngati wapambana. Ofanana mapointi amasiyanitsidwa ndi momwe omwe anakumana nawo achitira. Magulu a Junior, Senior ndi Masters amatengera chaka chobadwa, choncho polembetsa chaka chilembedwe. Ana akachepa tiwaphatikiza ndi akulu posewera, koma mphoto zawo zikhala zapadera.

Wa Magic wa ku Area 47: Za m'chikwama: deki m'kabokosi, ma sleeve otsala, madayisi a damage osachepera 6, dayisi yoponyera, zizindikiro za Poisoned ndi Burned, cholembera, botolo la madzi lotseka bwino lomwe lizikhala pansi osati patebulo, ndi chakudya. Akadya mandasi kapena chipisi asambe m'manja asanagwire makhadi, mafuta amamatitsa ma sleeve ndipo fumbi limakakamira pomwepo. Kansalu koyala patebulo kamathandiza ngati alibe playmat. Gemu ikatha awerenge makhadi 60 asanaimirire, chifukwa Stadium yosiyidwa pakati kapena khadi lomwe linagwa pansi ndi zomwe zimasowa kawirikawiri. Mabuku a makhadi osinthanitsa atsale kunyumba, kapena ana asinthanitse pamaso pa wamkulu mpikisano ukatha.

Jaji wa gulu: Deck list ilembedwe kunyumba usiku, osati pakhomo la holo. Yalani deki m'magulu atatu, Pokémon, Trainer ndi Energy. Pokémon aliyense alembedwe dzina lonse, chidule cha seti ndi nambala ya khadi, chifukwa a dzina limodzi amakhala ndi ma attack osiyana. Phatikizani manambala akwane 60, kenako wina awerenge pepala mokweza mwini deki akuonetsa makhadi. Pepala la zotsatira nalo aliwerenge asanasaine, aone kuti wopambana walembedwa bwino.

Aphunzitsi a ku Likuni: Ochokera kutali ngati ife, Likuni, Area 25, Area 23, minibasi ya Loweruka imadikira kudzaza ndipo pa depoti pamakhala mzere. Wochedwa mumuchita bwanji?

Woyendetsa mpikisano: Kulembetsa kutsekedwa mphindi 30 ndime yoyamba isanayambe, choncho nyamukani ngati mukufuna kufika ola lathunthu nthawi isanakwane. Ndalama yolowera tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba pofika Lachinayi kuti pakhomo pasakhale mzere. Ndime ikayamba, wosapezeka pampando pakatha mphindi 5 wagonja gemu imeneyo, koma akhoza kusewera yotsatira akadzaonekera kwa a jaji. Matebulo tiwaika pafupi ndi mawindo ndipo ma pairing, mndandanda wa omwe akukumana, tizilembanso papepala, kuti magetsi akathima tisaime.

Loweruka likubwerali ndi loona madeki ndi kubwereketsana makhadi. Loweruka linalo tichita mpikisano woyeserera wa ndime 3, wotchi, deck list, mapepala a zotsatira ndi jaji zonse zilipo, ndipo a jaji azipereka zilango ngati zenizeni kuti aliyense azimve kamodzi tsikulo lisanafike. Amene muli ndi makhadi obwereketsa yambani kulemba pano dzina la khadi, chilembo chake ndi chiwerengero.

Mlongo wa ku Biwi: Ultra Ball 8, Rare Candy 4, Switch 6, Night Stretcher 3, ndi Basic Energy a mitundu yonse. Zilembo ndiziona madzulo ano ndikafika kunyumba.